Zolemba za ntchito: kufufuza mauthenga a kulephera kulowa pa seva ya database

Lolemba

Ntchitoyi yayamba chifukwa fayilo ya ERRORLOG, mmene seva yathu ya SQL Server 2019 imalemba zochitika ndi zolakwika, ikukula mofulumira kuposa kale, ndipo mizere yatsopano pafupifupi yonse ndi ya uthenga umodzi womwewo, wa nambala 18456, umene seva imalemba pamene munthu kapena pulogalamu yayesa kulowa koma yakanidwa. Uthenga womwewu ukulembedwanso mu Event Viewer ya Windows, m'gawo la Application, moti anzathu oyang'anira maseva ndi amene anayamba kudandaula kuti mauthenga ena ofunika akukwiririka. Palinso dandaulo lachiwiri lochokera kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu yaikulu ya muofesi, lakuti m'mawa wina pulogalamuyo imakana kutseguka kwa kanthawi kenako n'kuyambanso kugwira ntchito yokha. Pakadali pano sitikuganiza kuti madandaulo awiriwa ndi amodzi, ngakhale kuti n'zotheka.

Chinthu choyamba chimene tachita ndi kusiya kudalira zithunzi za uthenga zimene ogwiritsa ntchito amatitumizira. Pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito, uthenga wa 18456 umaoneka ndi State 1 nthawi zonse (State ndi nambala yosonyeza chifukwa chokanira), ndipo izi zinachitika mwadala, kuti munthu amene akuyesa kuthyola asadziwe ngati walakwitsa dzina kapena pasiwedi. Chifukwa chenicheni chimalembedwa pa seva pokha. M'fayilo ya ERRORLOG kulephera kulikonse kumatenga mizere iwiri: woyamba uli ndi nambala ya uthenga, Severity 14 ndi nambala ya State, ndipo wachiwiri uli ndi dzina limene layesa kulowa, chifukwa chake m'mawu, komanso adilesi ya kompyuta imene pempholo lachokera, yolembedwa pambuyo pa mawu akuti CLIENT. Munthu akasefa fayiloyo ndi xp_readerrorlog, lamulo lowerengera ERRORLOG, pofunafuna mawu akuti Login failed okha, amapeza mzere wachiwiri ndi kutaya woyamba, choncho tatenga mizere yonse iwiri n'kuyiika mu tebulo lapadera kuti tithe kuyiphatikiza potsatira nthawi imene inalembedwa.

Tapezanso kuti mbiri yathu ndi yaifupi. SQL Server imasunga mafayilo akale asanu ndi limodzi kuwonjezera pa imene ikulembedwa, ndipo imayamba fayilo yatsopano nthawi iliyonse ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Popeza sevayi inayatsidwa kangapo pa nthawi yoika zokonza za Windows, mafayilo a nthawi imene vutoli linkayamba anafufutika kale. Takweza chiwerengero cha mafayilo osungidwa, chimene chingafike mpaka 99, ndipo takonza kuti sp_cycle_errorlog, lamulo loyambitsa fayilo yatsopano, liziyendetsedwa usiku uliwonse kuti fayilo ya tsiku lililonse izikhala payokha ndiponso yosavuta kutsegula.

Lachiwiri

Titagawa mizere ija potsatira State, dzina ndi adilesi, zaoneka kuti chimene chinkaoneka ngati vuto limodzi lalikulu ndi mavuto angapo osagwirizana n'komwe, amene angofanana nambala ya uthenga. Gulu lalikulu kwambiri ndi la State 8, kutanthauza kuti dzina lilipo koma pasiwedi siyikugwirizana. Gulu lachiwiri ndi la State 5, pamene seva sinapeze login (akaunti yolowera pa seva) ya dzina limene laperekedwa. Lachitatu ndi la State 38, limene limanena kuti munthu wazindikiridwa bwinobwino koma database imene wapempha yakanika kutseguka. Pali mizere yochepa ya State 40, ndiponso ina yapatalipatali imene dzina lake ndi NT AUTHORITY\ANONYMOUS LOGON.

Pamsonkhano wa masana panabwera maganizo awiri amene ndaona kuti ndi bwino kuwalemba pano pamodzi ndi chifukwa chimene sitinawatsatire. Oyamba anali akuti tizimitse kulembedwa kwa zolephera kulowa, popeza SQL Server imalola kusankha kuti izilemba zolephera zokha, zopambana zokha, zonse ziwiri kapena isamalembe chilichonse. N'zoona kuti fayilo ikanakhala yoyera, koma zoyesa kulowazo zikanapitirira monga kale, ife osaziona, ndipo kusinthako kumafunanso kuti seva iyatsidwe kachiwiri. Achiwiri anali akuti akaunti za mapulogalamu amene akukanidwa zipatsidwe udindo wa sysadmin kuti zisamakanidwenso. Amenewa ndi oopsa kuposa oyamba aja, chifukwa sysadmin imadutsa malire onse a chilolezo pa seva, ndipo sathandiza ngakhale pang'ono pa State 8 kapena State 5, pamene vuto limachitika seva isanafike poyang'ana chilolezo cha munthu. Tagwirizana kuti gulu lililonse tilitsate mpaka pa kompyuta imene likuchokera, ndipo tikonze kumeneko.

Tayamba ndi State 8. Mizere yake yagawika pawiri moonekeratu. Mbali imodzi ndi ya dzina lakuti sa, akaunti yaikulu imene imabwera ndi SQL Server, yochokera ku maadilesi ambirimbiri akunja kwa netiweki yathu, imene imabwera motsatizana kwambiri usana ndi usiku. Awa si anthu athu oiwala pasiwedi. Ndi mapulogalamu ongoyendayenda pa intaneti kufunafuna seva iliyonse imene ikuyankha pa port 1433, ndipo akaipeza amayesa mapasiwedi ambiri pa akaunti ya sa chifukwa dzinali limapezeka pafupifupi pa SQL Server iliyonse. Mizere yambiri ya State 5 ikuchokera ku maadilesi omwewa, ndi mayina ongopeka monga admin ndi test. Funso lalikulu silinali lakuti akuyesa ndani, koma lakuti akufika bwanji pa seva imene siyenera kuoneka kunja. Anzathu a netiweki apeza lamulo lakale pa firewall limene linkalola aliyense wa pa intaneti kufika pa port imeneyi, ndipo zikuoneka kuti linatsegulidwa pa ntchito ina imene inatha kalekale koma silinatsekedwe. Alitseka madzulo ano. Tawapemphanso kuti aone port 1434 ya UDP, imene SQL Server Browser imagwiritsa ntchito, ndipo apeza kuti ndi yotseka. Imeneyi ndi njira imene vayirasi ya Slammer inadutsira mu 2003, moti sitinafune kungoganizira chabe.

Kutseka firewall sikuyankha funso lakuti kodi wina anakwanitsa kulowa lamulo lija lili chitsegukire. Seva yathu inkalemba zolephera zokha, monga mmene imakhalira ikangoikidwa kumene, choncho ERRORLOG singatiuze za amene analowa bwinobwino. Tayang'ana mndandanda wa maakaunti mu sys.server_principals pamodzi ndi masiku amene analengedwa kapena kusinthidwa, mamembala a sysadmin, ntchito zonse za SQL Server Agent (chida choyendetsa ntchito zokonzedweratu), komanso ngati xp_cmdshell, imene imalola kuyendetsa malamulo a Windows kuchokera mu SQL Server, inayatsidwa. Sitinapeze chachilendo. Komabe tasintha pasiwedi ya sa n'kuizimitsa akauntiyo, titatsimikizira kuti palibe pulogalamu yathu imene imalowa nayo. Kuzimitsa sa sikusokoneza database kapena ntchito zimene mwini wake ndi sa, chifukwa umwiniwo sudalira kulowa.

Lachitatu

Mizere yochokera kunja yatheratu, ndipo fayilo ya lero ndi yaing'ono moti munthu angathe kuiwerenga ndi maso. Izi zachititsa kuti mbali yachiwiri ya State 8 ionekere bwino. Ndi ya login imene pulogalamu yaikulu ya muofesi imagwiritsa ntchito, imachokera ku adilesi imodzi ya mkati mwa netiweki, ndipo imabwera mphindi zisanu zilizonse mosaphonya. Munthu salakwitsa pasiwedi motsatira wotchi chonchi, choncho tadziwa kuti ndi ntchito yokonzedwa kuti iziyenda yokha.

Adilesiyo ndi ya seva imene ili ndi mapulogalamu ambiri, ndipo ERRORLOG simatchula pulogalamu imene yatumiza pempho. Takhazikitsa gawo la Extended Events (chida cha SQL Server chojambula zochitika) logwira chochitika cha error_reported, losefa nambala 18456 yokha, n'kuwonjezera kuti lizisunga dzina la kompyuta ndi dzina la pulogalamu ya wopemphayo. Dzina limene labwera ndi lakuti .Net SqlClient Data Provider, limene silithandiza kwenikweni chifukwa mapulogalamu ambiri a .NET amene eni ake sanawapatse dzina mu connection string (mzere wa makonzedwe olumikizira ku seva) amadzitchula choncho. Komabe latichepetsera malo ofufuza, ndipo mu Task Scheduler ya sevayo tapeza kapulogalamu kakale kotumiza malipoti, kamene kali ndi fayilo yakeyake ya makonzedwe. Pamene pasiwedi ya login ija inasinthidwa, inasinthidwa mu pulogalamu yaikulu yokha, kapulogalamuka n'kutsala ndi yakale. Malipoti ake anasiya kufika, koma palibe amene anafunsa, zimene zikusonyeza kuti mwina palibe amene ankawawerenga.

Apa m'pamene madandaulo awiri a Lolemba aja akumana. Login imeneyi inalengedwa ndi CHECK_POLICY yoyatsa, kutanthauza kuti imatsatira malamulo a Windows okhudza mapasiwedi, kuphatikizapo lotseka akaunti ikalakwitsidwa mobwerezabwereza. Masana pulogalamu yaikulu imalowa bwino pafupipafupi, ndipo kulowa kulikonse kopambana kumabweza chiwerengero cha zolakwitsa poyambira, moti kapulogalamu kaja sikafika pa malire. Usiku pulogalamu yaikulu imakhala chete, kapulogalamuko kamapitiriza kulakwitsa kokha, ndipo akaunti imatsekedwa. Ofika m'mawa kwambiri amaipeza yotseka, ndipo imatseguka yokha nthawi yoikidwa m'malamulo ija ikakwana. Umboni wake unalipo m'fayilo chiyambire, koma pansi pa nambala ina, 18486, imene imanena kuti akaunti ndi yotsekedwa, ndipo kusefa kwathu koyang'ana 18456 yokha sikunkaigwira. Tatsimikiza ndi LOGINPROPERTY, imene imaonetsa ngati akaunti ili yotseka, kuchuluka kwa mapasiwedi olakwika ndi nthawi imene inatsekedwa komaliza. Tawonjezera pa kusefa kwathu nambala 18470 ya akaunti yozimitsidwa, 18487 ya pasiwedi yotha nthawi ndi 18488 ya pasiwedi yoyenera kusinthidwa, kuti za m'banja limeneli zisatidutsenso.

Panali chiyeso chongozimitsa CHECK_POLICY pa login imeneyi. Sitinatero, chifukwa lamulolo lachita ntchito yake moyenera, ndipo cholakwika chenicheni n'chakuti mapulogalamu awiri akugwiritsa ntchito login imodzi. Tayimitsa kapulogalamu ka malipoti, ndipo talembera eni ake kuti atiuze ngati akukafunabe. Akanena kuti akukafuna, kadzapatsidwa login yakeyake yokhala ndi chilolezo chowerenga chokha, ndiponso dzina lake lidzalembedwa mu connection string kuti lizioneka pa seva.

Lachinayi

M'mawa uno palibe amene wakanidwa pa pulogalamu yaikulu, ndipo m'fayilo ya usiku mulibe 18486.

State 40 yatha msanga. Inali ya maakaunti awiri a anthu amene database yawo yoyambira inafufutidwa kale. Iwo amaona uthenga wa 4064 akamatsegula Management Studio, pulogalamu yoyang'anira SQL Server. Tawasinthira database yoyambira ndi ALTER LOGIN. Mizere ya State 5 yotsala, ya mkati mwa netiweki, ndi ya akaunti ya kompyuta, imene dzina lake limathera ndi chizindikiro cha dola. Izi zimachitika pamene pulogalamu ikuyenda pansi pa Network Service kapena Local System pa kompyuta ina n'kuyesa kufika pa seva kudzera pa netiweki, popeza imadzidziwikitsa ndi akaunti ya kompyuta yonseyo. Ndi pulogalamu yoyang'anira umoyo wa maseva imene inaikidwa popanda kuipangira login. Eni ake avomera kuiyendetsa pansi pa akaunti yakeyake ya domain, ndipo ife tiipatsa chilolezo cha VIEW SERVER STATE basi.

Lachisanu

State 38 yatitengera tsiku lonse, chifukwa nambala imodziyi imabisa zifukwa zosiyanasiyana. Database ingakanike kutseguka chifukwa kulibe, chifukwa yazimitsidwa, chifukwa ili mkati mobwezeretsedwa kuchokera ku backup, kapena chifukwa login ilibe user (akaunti yake ya mu database) mkati mwake. Uthenga wa m'fayilo umatchula dzina la database, ndipo mizere yonse ikuloza ku imodzi, ya malipoti, imene imabwezeretsedwa usiku uliwonse kuchokera ku backup ya seva ina.

Poyamba nthawi ya mizereyi inkaoneka kuti ikufotokoza zonse, popeza yambiri imagwa pa ola limene kubwezeretsa kukuchitika. Ntchito ina ya SQL Server Agent inakonzedwa kuti iziyamba pa nthawi yokhazikika, poganiza kuti kubwezeretsa kudzakhala kutatha, koma database yakula ndipo kubwezeretsako tsopano kumatenga nthawi yaitali. Mmalo mongokankhira ola kutsogolo, zimene zikanagwira ntchito mpaka database itakulanso, taika ntchitoyo ngati sitepe yotsatira mkati mwa ntchito yobwezeretsa, kuti iziyamba inzake ikamaliza bwino.

Koma panali mizere ina ya State 38 ya masana, database ili yotseguka bwinobwino, ndipo yonse inali ya login imodzi. Login imeneyi ilipo pa seva, ndipo mkati mwa database muli user wa dzina lomwelo, moti woyang'ana mwachangu angati zonse zili m'malo. Chimene chimalumikiza login ndi user si dzina koma SID, nambala yozindikiritsa akaunti. Login imakhala mu database ya master ya seva iliyonse, pamene user amakhala mkati mwa database yake ndipo amasamuka nayo ikabwezeretsedwa kwina. Ma login a Windows sakhala ndi vutoli chifukwa SID yawo imachokera ku Active Directory, kaundula wa maakaunti a Windows pa netiweki, ndipo ndi yofanana paliponse, koma login ya SQL Server yeniyeni ikalengedwa padera pa maseva awiri imalandira SID yosiyana pa iliyonse. Titayerekeza sys.database_principals ndi sys.server_principals taona kuti manambalawo sakugwirizana. User wotere amatchedwa wamasiye.

Lamulo la ALTER USER lokhala ndi WITH LOGIN limakonza izi nthawi yomweyo, ndipo ndi limene Microsoft imalimbikitsa m'malo mwa sp_change_users_login yakale ija. Titafunsa, tamva kuti mnzathu wina wakhala akuyendetsa lamuloli pamanja wina akadandaula, ndipo n'chifukwa chake vutoli linkabwera n'kutha popanda kulembedwa paliponse. Kukonza koteroko kumafafanizika usiku womwewo, backup ikabweranso ndi SID yakale. Tasankha kuchotsa login ya pa seva yathu ino n'kuilenganso ndi SID yofanana ndi ya pa seva yochokera, pogwiritsa ntchito CREATE LOGIN yokhala ndi SID yotchulidwa, kuti kubwezeretsa kulikonse kuzipeza zinthu zogwirizana kale. Tisanatero taona kaye ngati login imeneyi ili ndi user m'ma database ena a pa sevayi, popeza iwo ndi amene akanasanduka amasiye SID itasintha. Tapeza mmodzi, ndipo tamulumikizanso ndi ALTER USER. Taonanso kuti database imeneyi imabwera ndi AUTO_CLOSE yoyatsa, zimene zimaichititsa kutsekeka wogwiritsa ntchito womaliza akatuluka n'kudzaza ERRORLOG ndi mizere yoyambitsanso database. Tapempha kuti izimitsidwe pa seva yochokera, chifukwa kuizimitsa kuno kokha kungafafanizikenso usiku.

Lolemba lotsatira

Mafayilo a kumapeto kwa sabata alibe State 8 yobwerezabwereza, State 38 kapena State 40. Mizere yochepa ya State 8 imene ilipo ndi ya anthu olakwitsa pasiwedi kamodzi n'kulowa bwino kachiwiri, ndipo imeneyo tiisiya.

Chatsala ndi ANONYMOUS LOGON, ndipo ichi ndi chovutirapo chifukwa gwero lake silili mu SQL Server. Mizereyi ikuoneka pa seva yathu, imene pano tiitche yachiwiri, pamene munthu ali pa kompyuta yake walowa pa seva ina, yoyamba, ndi akaunti ya Windows n'kufunsa deta kudzera pa linked server, njira yolumikizira maseva awiriwo. Akachita zomwezo atakhala pa seva yoyambayo mwachindunji, zimayenda. Kusiyanaku ndi chizindikiro cha vuto lodziwika la kudumpha kawiri: NTLM, njira ina ya Windows yozindikirira munthu, imatha kutsimikizira munthu pa seva imodzi, koma singathe kupititsa umboni wakewo ku seva yachiwiri, choncho pempho limafika kumeneko lilibe dzina. Njira inzake ya Kerberos imatha kutero, pokhapokha ngati SPN ya seva (dzina limene Kerberos imadziwira SQL Server imeneyo) inalembetsedwa molondola ndipo akaunti yoyendetsa SQL Server inaloledwa kuimira ena. Mu sys.dm_exec_connections, gawo la auth_scheme likuonetsa NTLM pa malumikizano onse ochokera kutali, pamene tinkayembekezera KERBEROS.

Ndi setspn tapeza kuti SPN ya mtundu wa MSSQLSvc ya seva yoyamba idakali pa akaunti ya kompyuta, pamene SQL Server inasamutsidwira ku akaunti ya domain. SPN ikakhala pa akaunti yolakwika kapena ikalembetsedwa kawiri, Kerberos siyenda, ndipo nthawi zina munthu amaona uthenga wonena za SSPI m'malo mwa 18456. Taonanso mawotchi a maseva onse awiri poyerekeza ndi domain controller (seva ya Active Directory), popeza Kerberos imalola kusiyana kwa mphindi zisanu zokha ngati malamulo sanasinthidwe, ndipo ali bwino. Kusamutsa SPN ndi kukhazikitsa constrained delegation (chilolezo choimira ena pa maseva otchulidwa okha) kumafuna udindo wa oyang'anira Active Directory, umene gulu lathu lilibe. Tawalembera pempho lotchula SPN ziwiri zofunika, ya dzina lonse la seva lokhala ndi port 1433 ndi ya dzina lopanda port, akaunti imene ziyenera kukhalapo, komanso kuti chilolezo choimira ena chiloze ku seva yachiwiri yokha osati kulikonse.

Wina anafunsa ngati sitingangoika login imodzi ya SQL Server pa linked server kuti onse azidutsira pamenepo. Zingagwire ntchito lero lomwe, koma aliyense wotha kulowa pa seva yoyamba angakhale ndi chilolezo cha login imeneyo pa seva yachiwiri, ndipo mbiri ya kumeneko ingamaonetse dzina limodzi pa zochita za anthu onse. Popeza anthu okhudzidwa ndi ochepa ndipo angathe kulowa pa seva yachiwiri mwachindunji pakadali pano, tadikira kaye oyang'anira Active Directory.

Gawo la Extended Events tilisiya likuyenda mpaka SPN itakonzedwa, kenako tidzalizimitsa n'kukhazikitsa SQL Server Audit yolemba zolowa zopambana ndi zolephera m'fayilo yapadera, kuti funso la Lachiwiri lija, la amene analowa, lizikhala ndi poyankhira popanda kudzaza ERRORLOG. Eni ake a kapulogalamu ka malipoti sanayankhebe, choncho kadakali koyimitsidwa. Oyang'anira Active Directory ati asintha SPN Lachitatu usiku, ndipo Lachinayi m'mawa tidzayang'ananso auth_scheme kuchokera pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito, atatuluka n'kulowanso mu Windows kuti matikiti ake akale a Kerberos achoke.